Chiluwe cha Mwala Chochokera ku Joni

Kukagwa maliro kwathu kuno kuseri kwa Namitete, anthu akamatuluka kumanda amakonda kupatuka kuti aone chiliza cha amayi anga. Pamwamba pake pali mwala wakuda, kukula kwake ngati lichero, ndipo m'mwalamo muli chiluwe cha maungu, masamba a nkhwani ndi kambalame. Ambiri amayesa ndi penti. Ena amakanda ndi chikhadabo koma sapeza pokanda. Akandifunsa kumene tinagula ndimangoti unachokera ku Joni, poti kumanda si malo oyalirapo nkhani yaitali. Koma mwala umenewo ndinaunyamula ine pamiyendo panga, kudutsa nawo m'mayiko a eni.

Kwathu tinabadwa awiri, achimwene anga a Dominiko ndi ine. Iwo anapita ku Joni ine ndisanakwatiwe. Poyamba ankabwera pakapita zaka, kenaka mapepala awo anatha mphamvu, ndiye ankaopa kuti akatuluka sadzalowanso. Amayi atamwalira sanabwere. Maliro anawamvera pafoni, ine nditaikweza m'mwamba kuti amve nyimbo za kwaya.

Chaka china m'mwezi wa Okutobala, ndili kudimba kuthirira nazale ya fodya, anandiimbira bambo wina wa ku Mzimba amene ankakhala nawo mpanda umodzi. Anati, "Mayi, ngati mukufuna kuwaona achimwene anu akupuma, bwerani mudzawatenge. Achipatala kuno anena kuti palibenso chomwe angachite." Bambo a kunyumba kwanga anati ndipite, nazale athirira okha. Pasipoti ndinali nayo ya nthawi imene ndinkapikula zitenje ku Chipata. Tinagulitsa mbuzi, ine n'kunyamuka.

Za ulendo wopita sindikumbuka zambiri. Mtima unali utatsogola kale, thupi lokha ndi lomwe linali m'basi.

Ndinawapeza m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba ya eni, atakhala pabedi chotsamira khoma, chifukwa akagona chagada mpweya unkawathawa. Munthu amene ankanyamula thumba la feteleza ndi dzanja limodzi anali atatsala mafupa. Anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Nambewe, wakalamba," anatero.

"Inu ndiye mwatsala mnyamata, eti?"

Anaseka, koma kusekako kunasanduka chifuwa chimene chinawapinda mpaka mutu kufika m'mawondo.

Ntchito yawo sindinkaidziwa bwino. Kwathu tinkangoti amagwira ya ziliza. Tsiku limenelo ndi pomwe anandifotokozera, mawu pang'ono, kupuma, mawu pang'ono. Atangofika ku Joni analembedwa ndi mzungu wina wokalamba wa ku Italy, a Renzo, amene ankadula miyala ya pamanda ndi ya matebulo. Loweruka antchito akaweruka, mkuluyo ankatsalira pakona ndi timiyala tamitundumitundu, n'kumatidula ndi uta womanga waya, n'kumatilumikiza mpaka patuluke duwa kapena mbalame. Achimwene ankatsalira kuti asese, kenaka anayamba kugwirizira, kenaka anapatsidwa uta wawowawo. A Renzo atamwalira ana awo anagulitsa malowo. Mwini watsopanoyo analibe nazo ntchito za maluwa. Iye ankafuna miyala ya m'makhitchini a anthu olemera, yodula ndi makina, mwachangu, popanda madzi ophera fumbi. Achimwene ankaweruka atayera ngati munthu wa kuchigayo. Atayamba kutsokomola anapatsidwa mankhwala a chifuwa chachikulu, anamwa mpaka kumaliza, osasintha. Pamapeto pake adokotala anawaonetsa chithunzi cha m'chifuwa n'kuwauza kuti mapapo adzaza fumbi la mwala, ndipo fumbi lotere silituluka.

Katundu wawo wa zaka zonsezo anali chikwama chimodzi cha zovala, uta uja, ndi chinthu china cholemera chokulunga m'bulangete, chomanga ndi mphira.

"Ndi za amayi," anatero. "Ukaona kunyumba."

Kudepoti ya mabasi a kwathu tinafika m'mawa koma basi inanyamuka dzuwa litapendeka, poti ngolo ya katundu yokoka kumbuyo inali isanadzaze. Kondakitala atanyamula bulangete lija anatsala pang'ono kuligwetsa.

"Ichi n'chiyani, mayi? Injini?"

"Ndi mwala."

"Kwanu miyala inatha?"

Anthu anaseka. Iye anati chinthu cholemera chotere malo ake ndi m'ngolo, pamodzi ndi mafiriji ndi migolo, ndipo chilipiridwe pachokha. Achimwene, amene anali atakhala pachikwama akupuma movutika, anadzutsa mutu.

"Ukakwera m'ngolomo, inenso ndikwera momwemo."

Pamenepo panabwera bambo wina wamtali, wa ndevu zoyera, atavala kofia. Anali atamva malankhulidwe athu, ndiye anatifunsa kwathu. Titati ku Namitete anati, "Ndiye ndife amodzi. Ine ndine Yusufu, golosale yanga ili pa Msundwe." Anamutengera kondakitala pambali, sindikudziwa chomwe anakambirana, koma pobwera anati mwalawo ulowe m'basi bola ukhale pamiyendo pa mwini wake. Mwini wake analibe miyendo yonyamulira kanthu. Unakhala pa yanga. A Yusufu anasiyanso mpando wawo wa pawindo kuti achimwene azipuma mphepo.

Tisanapite patali kuchoka ku Pretoria, mayi wina wa mwana wakhanda amene anakhala kumbuyo kwathu anayamba kudandaula. Anati anthu odwala chifuwa azikwera zawozawo, iye sanalipire tikiti kuti mwana wake akafike kumudzi ndi matenda. Sindinamuone ngati wolakwa. Inenso ndi mwana pamsana ndikanatero. Ndinatembenuka kumuuza kuti chifuwachi si chopatsirana, ndi fumbi la kuntchito, koma iye anangofunditsa mwanayo chitenje kumutu. Achimwene anamva zonse. Kuyambira pamenepo ankatsokomolera m'thaulo, akudzipanikiza kuti asamveke, ndipo kudzipanikizako kunkawapweteka kuposa chifuwacho.

Tinafika pachipata cha Beitbridge kukucha. Amene sanaimepo pamenepo sangamvetse. Mabasi anali atandandalika mpaka kutali, ndipo mzere wa anthu unkayenda ngati ukuganizira kaye. Achimwene sakanatha kuima, ndiye ndinkawakhazika pachikwama, mzere ukasuntha ndisunthe mwala, ndibwerere ndidzasunthe iwo. Titafika pawindo, wogwira ntchito anayang'ana chikalata chawo choyendera, n'kuona zaka zomwe anakhala m'dzikomo popanda chilolezo. Anadinda, n'kuwauza kuti saloledwa kubwereranso kwa zaka zingapo. Achimwene anathokoza mwaulemu ndithu. Tikuchoka anandinong'oneza, "Andiletsa kubwerera, Nambewe. Ndadandaula kwambiri."

Kutsidya la Zimbabwe anatsitsa katundu yense wa m'ngolo kuti aonedwe, ndipo tinakhala pamenepo mpaka dzuwa kupitirira paliwombo. Tinapeza kamthunzi kuseri kwa lole ina. A Yusufu anagula madzi ozizira, nakhala nafe pansi. Ataona uta utatulukira m'chikwama anafunsa ngati achimwene ankasaka mbalame ku Joni.

Sindinawaonepo achimwene akusangalala ndi funso ngati mmene anachitira ndi limenelo. Anautulutsa utawo, naonetsa wayayo. Anati waya paokha sudula mwala wolimba. Chodula ndi phala la mchenga wakuthwa lomwe umapaka pawayapo ndi madzi, iwe n'kumakoka, kukankha, kukoka, kukankha, mpaka kachidutswa kochepa ngati chikhadabo kagwe m'manja. Anati a Renzo ankanena kuti kwawo, mumzinda wa Florence, zaka zoposa mazana anayi zapitazo, mfumu ya kumeneko inaitanitsa amisiri a miyala kuchokera ku Milan ndi madera ena, n'kuwaika m'nyumba yoyandikana ndi yake kuti izipita kukawaona akugwira ntchito. Miyala inkachokera kutali, ina m'mitsinje ya komweko, ina kutsidya kwa nyanja. Ena mwa amisiriwo ankasema zikho ndi mitsuko m'mwala woonekera ngati madzi, ena ankapanga zithunzi za maluwa ndi zipatso. Mmisiri ankatha masiku akungotembenuza miyala, kufunafuna pamene mtundu wake ukuchoka kobiriwira kupita kofiirira ngati tsamba lenileni likamauma. Akapeza, adule pomwepo, alumikize ndi kanzake mpaka polumikizira pasaoneke, kunsi amate ndi phula la njuchi losakaniza ndi utomoni.

"Tebulo limodzi linkadya zaka," anatero achimwene. "Ena ankamwalira lisanathe. Ana awo n'kupitiriza."

"Nanga mayina awo ankalemba patebulopo?" anafunsa a Yusufu.

"Patebulo pamakhala chizindikiro cha mwini tebulo."

A Yusufu anagwedeza mutu. "Za amisiri n'zimodzi kulikonse."

Kulankhulako kunawatopetsa. Basi itanyamuka anagona, mutu uli paphewa langa, ndipo Masvingo yense anadutsa osamuona. Ine miyendo inali itachita dzanzi ndi mwala uja. Ndikafuna kuuika pansi ndinkakumbuka mmene basi inkadumphira m'maenje, ndiye ndinkangousuntha, bondo ili lipume, linalo ligwire. Ku Harare tinafika kutada. Ndinawagulira mahewu, anamwa pang'ono, otsalawo anati ndimalize ine.

Kunatichera titadutsa Mutoko. M'mbali mwa msewu munali malole ataima, iliyonse itasenza chimwala chimodzi chachikulu ngati nyumba ya mphasa ziwiri. Achimwene analoza ndi mlomo.

"Ndi imeneyo. Kunja imaoneka yotuwa, ukaipukuta imada bii. Ndadula yambiri. Sindinkadziwa kuti kwawo ndi kuno."

Anaiyang'ana mpaka malolewo anatsalira m'mbuyo, ngati munthu amene wakumana ndi mdani wake n'kupeza kuti nayenso ndi mlendo wa pamsewu.

Pachipata cha Nyamapanda ndi pomwe bulangete lija linamasulidwa. Wofufuza katundu, mayi wachikulire ndithu, anafunsa chomwe ndinanyamula. Nditati mwala, nkhope yake inasintha. Anati miyala ya mtengo wapatali siidutsa popanda chilolezo, ndimasule aone. Ndinayang'ana achimwene. Iwo ankafuna kuti ndikauone kunyumba, koma anangogwedeza mutu kuti ndimasule.

Poyamba sindinaone kanthu, poti unali ndi ubweya wa bulangete ndi fumbi. Achimwene anatenga botolo la madzi m'manja mwa a Yusufu, nathira pang'ono, napukuta ndi chikhatho. Pamwala wakuda uja panatuluka chiluwe chachikasu, chotseguka ngati cha m'mawa mame asanaume, ndi china chofota pambali pake. Masamba a nkhwani anali ndi mitsempha yake, limodzi litadyedwa ndi mbozi m'mphepete. Pampheto panatera kambalame ka chifuwa cha buluu, taja timatola madeya pabwalo. Ndinayendetsa chala pamwamba pake. Panali see ngati galasi.

Anthu a m'basi anaunjikana. Wofufuza uja anafunsa ngati muli miyala ya ndalama. Achimwene anati ndi zotsalira za pansi pa tebulo la ntchito, zomwe ena akanataya, kupatula ka buluu kaja kamene a Renzo anawapatsa, kochokera m'kabokosi ka agogo a mzunguyo. Anafunsanso kuti tikukagulitsa kuti.

"Ndi wa pamanda pa amayi anga," anatero achimwene. "Sindinawaike."

Mayiyo anatithandiza yekha kukulunga bulangete lija, n'kuitana wotsatira.

Ine panthawiyo maso anali atadzaza, chifukwa ndinaona chinthu chimene enawo sakanachiona. Kunsi kwa chiluwe chotsegukacho kunali kadzungu kakang'ono. Miyezi ya njala, ndiwo zikasowa, amayi ankatituma kumunda kukathyola chiluwe, koma ankatilamula kuti tizithyola chachimuna chokha. Chokhala ndi kadzungu kunsi ankati ndi chakudya cha mawa, wochithyola alawa mkwapulo. Achimwene anaulawa kangapo.

Titalowa m'dziko la Mozambique kutentha kunasintha mtundu. Mphepo yolowera pawindo inali ngati yochokera m'ng'anjo. Tisanafike pa Changara basi inayamba kununkha mphira wopserera, kenaka inaima. Adalaivala anati lamba wa injini waduka ndipo wina alibe. Kondakitala anakwera lole yopita ku Tete kukafuna lamba, ife tinatsika kukabisala pansi pa milambe yomwe inalibe ndi tsamba limodzi lomwe. Mthunzi wake unali wa thunthu lokha, ndiye tinkauzungulira mtengo potsatira dzuwa.

Pamenepo ndi pomwe ndinaona kuti mwina sindifika nawo. Milomo yawo inada, ndipo popuma pakhosi pankalowa m'kati. Madzi athu anali atatentha ngati a tiyi. Ndinavula chitenje n'kumawakupiza, mikono mpaka kulema. Ndili choncho ndinaona chitenje china chikukupiza mbali inayo. Anali mayi wa mwana uja. Mwanayo anali atamusiyira mnzake. A Yusufu anayenda mtunda ndithu kukafika pa timakumbi tina ta m'mbali mwa msewu, nabwera ndi madzi a mumtsuko ndi malambe. Tinaviika thaulo n'kuwaika pamutu.

Dzuwa litayamba kufooka mpweya unabwerera pang'ono. Anandikoka dzanja kuti ndiyandikire.

"Mafumu aja a ku Florence," anatero, "anayamba kumanga nyumba ya manda awo. Makoma onse miyala yotereyi, kuyambira pansi mpaka m'mwamba. Anayamba agogo, anafa. Ana anafa. Banja lonse linatha nyumbayo isanathe. A Renzo anandionetsa chithunzi chake. Ndiye amayi atamwalira ndinati, munthu amene analera ana awiri ndi khasu, bwanji asakhale ndi kachidutswa kake?"

"Mukanabwera nokha, achimwene. Amayi sankafuna mwala."

Mawuwo anatuluka ndisanawayeze. Iwo sanakwiye.

"Ndikudziwa," anatero. "Chaka chilichonse ndinkati ndimalize kaye tsamba ili. Ndinalibe nkhope yobwerera nayo chimanjamanja."

Anapuma nthawi yaitali, kenaka anati, "Ndikapanda kufika, womanga chiliza umuuze asaumenye ndi hamala. Augoneke pamatope ofewa, aukanikize ndi manja."

"Mukamuuza nokha."

"Chabwino. Koma wamva."

Kondakitala anabwera ndi lamba dzuwa litafiira. Tinawoloka mlatho wa Zambezi pa Tete magetsi atayaka kale, ndipo achimwene anapempha kuti ndiwadzutse aone madzi. Kuchoka apo msewu unayamba kukwera. Ine tulo tinandiba, dzanja limodzi pamwala, lina pachifuwa pawo kuti ndizimva ngati chikukwera ndi kutsika.

Anandidzutsa ndi iwo. Kunja kunali kutayera, basi itaima pafupi ndi Ulongwe, ndipo pawindo pankalowa kamphepo kozizira ka m'mapiri. Azimayi ogulitsa anali atazungulira basi, akuitanira malonda m'Chichewa.

"Nambewe, ukumva? Ndigulire mbatata yootcha."

Chiyambire ku Joni anali asanapemphepo chakudya. Anadya mbatata yonse, makoko omwe. Pachipata cha Dedza anakana kuti ndiwagwirizire, anayenda okha kuchoka pabasi mpaka pawindo, pang'onopang'ono, atagwira uta wawo ngati ndodo. Wodinda atawauza kuti takulandirani bambo, anayankha mokweza mpaka anthu anacheuka. A Yusufu anati, "Mphepo ya kwanu ndi mankhwala, a Mbewe. Mudzadya nawo chimanga chachiwisi chaka chino." Ine ndinakhulupirira. Ndinaimbira amayi aang'ono, mng'ono wawo wa malemu amayi, amene anatsala pamudzi pathu. Ndinawauza kuti talowa m'Malawi, ndipo odwala akupezako bwino.

Kuchoka pa Dedza mpaka ku Lilongwe anali maso, akuwerenga zikwangwani, akudabwa ndi nyumba zamalata zomwe zinamera pamene anasiya tchire. Mu Lilongwe tinafika masana. Ndinati tiyambe tapita kuchipatala chachikulu, akatipatseko ngakhale mpweya wa m'botolo.

"Zipatala ndaziona zokwana," anatero. "Ndikagone kwathu lero. Mawa ukanditengere kulikonse kumene ufuna."

Mng'ono wawo wa a Yusufu anali atabwera ndi galimoto ya bokosi kudzatenga katundu wa golosale, ndipo a Yusufu anati sitingakwere minibasi iwo alipo. Anapereka mpando wa kutsogolo, koma achimwene anati m'katimo muchepa mpweya. Tinayala matiresi atsopano a malonda kumbuyo, pakati pa mabelo a mabulangete. Ndinakhala chotsamira belo, iwo anatsamira ine, mutu uli pachifuwa panga. Mwala uja ulendo uno sunakhale pamiyendo panga, a Yusufu anaunyamula pa yawo, poti nawonso anakwera kumbuyo konko.

Tinatuluka m'tauni ndi msewu wa ku Mchinji. Pa Njewa achimwene anati sakupazindikira. A Yusufu anayamba kuwafotokozera zonse, kuti apa panali munda wa uje, apa anagula anthu a m'tauni, uyu anamanga sitolo n'kugwa nayo. Pa Chitedze anaizindikira mitengo italiitali ija ya m'mbali mwa msewu. Anati ali mnyamata anabwerapo pa njinga kudzafuna ganyu yopalira m'minda ya kafukufuku, n'kubwerera osaipeza. Kupitirira apo minda inali itagalauzidwa, mizere yofiira ikudikira mvula, utsi wa zinyalala ukukwera apa ndi apo.

Titadutsa Mpingu anati, "Kununkha kwathu."

"Tatsala pang'ono," ndinatero.

A Yusufu anapitiriza kulankhula za mitengo ya fodya, za feteleza, za mlatho wina umene unakokoloka. Ine ndinkamvetsera ndi khutu limodzi. Dzanja langa linali pachifuwa pa achimwene monga linakhalira ulendo wonse. Linakwera, linatsika. Ndinadikira kuti likwerenso. Galimoto inkagwedezeka, ndiye ndinati mwina ndi kugwedezekako kukundisokoneza. Ndinakanikiza pang'ono. Mutu wawo unali utalemera mwa mtundu wina.

Sindinalire. Sindikudziwa chifukwa chake. Ndinangowagwira chomwecho, ndikuyang'ana minda.

A Yusufu anali pakati pa nkhani pamene anatembenuka kuti afunse achimwene kanthu kena. Mawu anathera m'kamwa. Anayang'ana iwo, anayang'ana ine. Ananong'ona pemphero la chipembedzo chawo, kenaka anatambasula dzanja n'kuwatseka maso, poti manja anga onse anali atagwira.

"Tiime, mayi?"

"Ayi. Anati akagone kwawo."

Pa Msundwe woyendetsa anayamba kuchepetsa liwiro kuti akhotere kugolosale yawo, kumene akazi awo a a Yusufu anali ataima pakhonde akudikira mwamuna amene anachoka kalekale. A Yusufu anamenya denga la galimoto n'kuloza kutsogolo. Tinadutsa. Ndinaona mayiwo akutsika pakhonde, dzanja lili pachipumi, akutiyang'ana mpaka tinabisika.

Pa Namitete tinasiya tala n'kulowa msewu wafumbi. Ndinavula chitenje cha paphewa n'kuwafunditsa kumaso kuti fumbi lisawagwere. Foni inkalira m'chikwama, ndinadziwa kuti ndi akumudzi akufunsa pomwe tafika, koma ndinalibe dzanja loyankhira.

Pamudzi anali atasesa bwalo lonse. Anamva galimoto ili kutali, ndiye pomwe tinkakhota pa mtengo wa mango wa pakhomo, azimayi anali akuthamanga kale kutichingamira, nthungululu zili pakamwa, ana akulendewera kumbuyo kwa galimoto. Bambo a kunyumba kwanga anali atagwira tambala woti aphedwe. Woyamba kufika anali msuweni wathu wina. Anasuzumira m'bokosimo akuseka, anaona chitenje, anaona nkhope yanga. Nthungululu zinazima kuyambira kutsogolo kupita kumbuyo, mpaka panatsala mayi mmodzi yekha kutali amene anali asanaone, akuimbabe yekha.

Amayi aang'ono anabwera pambuyo pa onse, ndi ndodo yawo. Anthu anawapatukira. Anafika pagalimoto, anavundukula chitenje chija, nayang'ana mwana wa mkulu wawo nthawi yaitali. Anamupukuta fumbi la pachipumi ndi chala chachikulu.

"Wathera pati?" anandifunsa.

"Titangodutsa Mpingu."

"Ndiye kwawo anakuona."

"Anakuona, amayi."

Anatembenukira azibambo amene anali ataima manja ali lende.

"Mukuyang'ana chiyani? Munthu wachokera kutali. Mulowetseni m'nyumba."